Dzanja la woyendetsa: zimene ndege zakale zikutiphunzitsa ife a m'mbali mwa nyanja

Mawu amene anakambidwa pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi ku Lunho

  

Paja mukukumbuka kuti titamvera pulogalamu ya za maulendo ija panabuka mtsutso pakati pathu. Ena ankati ndege imadziyendetsa yokha, woyendetsayo amangokhala phee kumamwa tiyi. Ena ankati ayi, sizingatheke. Tsono a komiti anandipempha kuti ndinenepo zimene ndikudziwa, poti zaka za m'ma 1970 ndinagwirapo ntchito yothandiza amakaniko pa bwalo la ndege la Chileka ku Malawi. Ine sindinali woyendetsa ndege, amene kuno timati piloto, koma ndinkawaona ndi kuwamva tsiku ndi tsiku. Yankho langa ndi ili: makina amagwira chimene awapatsa kuti agwire, koma woganiza za kutsogolo ndi munthu. Ndipo nkhaniyi ikutikhudza ifenso amene timayenda pa maboti ndi pa mabwato.

Ndege zimene dera lathu linadziwa

Nyanja yathu ino si yachilendo kwa ndege. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zotchedwa Solent, zinkatera ku Cape Maclear, kumwera kwa nyanja yomweyi, pa ulendo wochokera ku England kupita ku South Africa. Akuluakulu amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ambiri anakwera ndege za DC-3 ndi DC-4 kuchokera ku Malawi mpaka ku Francistown, n'kukapitiriza pa sitima ya pamtunda. Kuno kwathu kampani ya DETA, imene mu 1980 inalowedwa m'malo ndi LAM, inkayendetsa ndege za Fokker Friendship, ndipo cha mu 1970 inabweretsa Boeing 737 zoyambirira. Tsidya linalo Air Malawi inali ndi Viscount, HS 748, BAC One-Eleven, komanso chindege chachikulu cha VC10 chimene chinkapita ku London kuyambira 1974 mpaka 1979.

Ndege ngati zimenezi zinali ndi makina othandiza woyendetsa, otchedwa autopilot. Koma makina a nthawi imeneyo anali a nzeru zochepa kwambiri poyerekeza ndi makompyuta a ndege za lero.

Kodi autopilot n'chiyani?

Ndani mwa inu sanasewereko nguli ali mwana? Nguli ikamazungulira mwaliwiro imaima chilili, ngakhale muigwedeze pang'ono imabwerera m'malo mwake. Mtima wa autopilot yakale unali kachitsulo kozungulira ngati nguli. Ndege ikapendekeka, kachitsulo kaja kamakhalabe momwe kanalili, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene kumauza makina kuti akoke phiko ili kapena ilo mpaka ndege iwongoke. Mnyamata wina wa ku America, Lawrence Sperry, ndiye anaonetsa anthu makinawa ku Paris mu Juni 1914. Anaulutsa ndege yotera pamadzi pamwamba pa mtsinje wa Seine manja ake ali m'mwamba, makaniko wake ataimirira pa phiko, ndege osagwa.

Tsono ntchito ya makinawa inali yotani? Kusunga mapiko kuti asapendekeke, kusunga njira imene woyendetsa waloza, ndipo m'ndege zina kusunganso msinkhu umene ndege yafika. Basi. Moto wa mainjini, nthawi yoyamba kutsika, kuzemba mtambo wa mvula, kutera pa mabwalo athu, zonsezi zinali m'manja ndi m'mutu mwa munthu. Fanizo lake ndi la mwini boti la thanga amene wamanga tsigiro ndi chingwe kuti apumitse mkono. Boti lipitadi kumene waloza. Koma chingwe sichiona mwala, sichimva kuti mphepo yatembenuka.

Kulinganiza ndege isanaperekedwe kwa makina

Chinthu choyamba chimene woyendetsa waluso ankachita ndi kulinganiza ndege yake. Kumchira kwa ndege kuli kaphiko kakang'ono kamene amakasuntha ndi kagudumu kokhala pafupi ndi bondo lake. Ntchitoyi amaitcha trim. Amazungulitsa kagudumuko pang'onopang'ono mpaka ndege ileke kulemera m'manja, kotero kuti ngakhale atasiya chiwongolero, mutu wa ndege sukwera kapena kutsika. Akatero m'pamene amayatsa autopilot.

Wothamangira kuyatsa makina ndege isanalingane amabisa vuto. Makina aja amalimbana ndi kulemera kuja mwakachetechete ulendo wonse, ndipo pa nthawi imene awazimitsa, ndege imadzidzimuka, mutu kugwa kapena kudumpha, anthu m'kati mitima m'mwamba. Komanso kulingana kwa ndege kumasintha m'njira, chifukwa mafuta akutha ndiponso anthu akuyendayenda. Choncho m'ndege ngati DC-3 woyendetsa ankayang'anitsitsa ndi kukonzanso kagudumu kaja nthawi ndi nthawi.

Kulinganaku kumayambira pansi. Ndege isananyamuke katundu yense amapimidwa pa sikelo, ndipo amalemba pa pepala kuti wakutiwakuti aikidwe kutsogolo, wakutiwakuti kumbuyo. Kaputeni sanyamuka asanasaine pepala limenelo. Inu amene mumakweza matumba a usipa ndi a chinangwa m'boti mukudziwa kuti boti lolemera mbali imodzi limatopetsa wogwira injini, ndipo funde limodzi lokha likwanira kulidzaza madzi.

Kuyamba msanga, kugwira pang'ono

Chachiwiri ndi kugwira chiwongolero mofatsa. Ophunzitsa ankati chiwongolero chigwireni ndi zala, musachifinye ndi chibakera. Ndege ikapatuka pang'ono, ibwezeni pang'ono nthawi yomweyo. Mukadikira kuti ipatuke kwambiri mudzaikoka mwamphamvu, idzapitirira mbali inayo, mudzaikokanso, ndipo ulendo wonse ukhala wa njoka. Ndi chimodzimodzi mwana amene akuphunzira kupalasa bwato: nkhafi uku mwamphamvu, uko mwamphamvu, thukuta kamukamu, pamene agogo ake akungokhudza madzi koma bwato lili njo!

Pokwera, ndege ikamakwera mafiti 1,000 pa mphindi, omwe ndi mamita pafupifupi 300, woyendetsa amayamba kutsitsa mutu wake kutatsala mafiti 100 kuti afike pa msinkhu umene akufuna. Akadikira kuti afike kaye, okwera amamva ngati m'mimba mwanyamuka. Pokhota, ndege ya anthu saipendeketsa kupitirira madigiri 25 kapena 30, ndipo manja ndi mapazi zimayenera kugwirizana. Kukhota kukachitika bwino, tiyi wa m'kapu satayika ngakhale ndege yapendekeka. Amayi operekera zakudya m'ndege ankatiuza kuti iwo ankadziwa kaputeni amene wagwira chiwongolero tsikulo poona m'mene tiyi akukhalira m'makapu. Sankafunikira kusuzumira kutsogolo.

Masamu a m'mutu

Chachitatu ndi masamu. Ndege za lero zili ndi kompyuta imene imawerengera malo oyambira kutsika. Kale ankawerenga m'mutu. Lamulo lake linali lakuti pa mafiti 1,000 alionse amene ufuna kutsika, pafunika mamailosi atatu a panyanja, omwe ndi makilomita asanu ndi theka. Tsono ndege ya jeti imene ili pa mafiti 30,000 iyenera kuyamba kutsika kutatsala makilomita pafupifupi 165. Taganizani, mtunda umenewu ukuposa wa msewu wochokera ku Lichinga kufika ku Metangula. Bwalo silikuoneka n'komwe, koma munthu wayamba kale kukonzekera kutera. Ngati mphepo ikukankha kumbuyo amayamba msangako, ngati ikuchokera kutsogolo amachedwerako.

Wochedwa kuyamba amakakamizika kutsika mothamanga, ndipo makutu a anthu amawawa, ana kulira ndege yonse. Vutoli linali lalikulu m'ndege ngati DC-3 ndi DC-4 zimene zinalibe makina osunga mpweya m'kati, motero oyendetsa ankayesetsa kuti asatsike kupitirira mafiti 500 pa mphindi. Akuluakulu a ku Wenela amene muli pano, ngati makutu anakuwawanipo pofika ku Francistown, chifukwa chake chinali chimenechi.

Moto wa injini nawo unkafuna kuganizira za kutsogolo. Injini za jeti zakale zikakhala pa moto wochepa, zinkatenga masekondi 6 mpaka 8 kuti zifike pa mphamvu yonse. Tawerengani mumtima mpaka 8, muone kutalika kwake ndege ikamayandikira pansi. N'chifukwa chake woyendetsa sankachotseratu moto poyandikira bwalo, ndipo akaona kuti liwiro layamba kuchepa ankawonjezera nthawi yomweyo. Bwalo ngati la ku Lichinga lilinso ndi zake. Lili pamtunda wa mamita oposa 1,300, pamene nyanja yathuyi ili pa mamita osakwana 500. Kumtundako mpweya ndi wopepuka, makamaka kukatentha mu Okutobala, ndiye ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke ndipo imatera ndi liwiro lalikulupo. Zonsezi ankaziwerengera asanalize injini.

Pano ndinenepo kanthu kamene ambiri sadziwa. Okwera amaombera m'manja ndege ikatera mofewa osamveka kugunda. Koma bwalo likanyowa ndi mvula, woyendetsa wodziwa ntchito amaikhazika pansi molimba mwadala, kuti mateyala aboole madzi aja n'kugwira tala. Wofuna kuomberedwa m'manja pa bwalo lonyowa amatha kutsetsereka mpaka kutchire.

Mphepo ikavuta

Chachinayi, chimene ndikufuna asodzi mumve bwino, ndi kuyenda mu mphepo yoipa. M'nyengo ya dzinja mumaona mitambo yakuda imene imaima ngati mapiri pamwamba pa nyanja. M'kati mwake muli mphepo zokwera ndi zotsika zamphamvu zoopsa. Nzeru yoyamba ndi kuizungulira, ngakhale ulendo utalike. Koma ndege ikagwidwa ndi mphepo zotere, makina osunga msinkhu aja amasanduka mdani, chifukwa mphepo ikainyamula iwo amagwetsa mutu pansi kuti ibwerere, mphepo ikaitsitsa iwo amadzutsa mutu m'mwamba, ndipo liwiro limasinthasintha moopsa.

Phunziro limeneli linabwera ndi maliro. Pa 12 Febuluwale 1963 ndege ya Boeing 720 ya kampani ya Northwest inalowa mu mphepo za mtambo wa mvula itangonyamuka ku Miami ku America. Polimbana ndi mphepo yokwera, mutu wa ndege unatsitsidwa kwambiri, ndege inaloza pansi ndi liwiro loposa muyeso n'kuthyoka isanafike pansi. Anthu onse 43 anafa. Ngozi zotere zitachitika, oyendetsa anaphunzitsidwa kuti mu mphepo yoipa aike liwiro loyenera, asunge mapiko ndi mutu wa ndege pamalo amodzi, azimitse chosunga msinkhu, ndipo ailole ndege ikwere ndi kutsika pamodzi ndi mphepo.

Kodi si mmene mumachitira ndi mwera wa mu Juni ndi Julayi? Wodziwa nyanja sakankha injini mpaka kumapeto kuti aboole funde, ndipo salola kuti funde limupeze cham'mbali. Amachepetsa moto, amalilandira chopingasa pang'ono, boti n'kukwera n'kutsika nalo. Ndipo wodziwa koposa ndi uja amene waona mtambo kumwera n'kunena kuti lero sitipita.

Kukhulupirira makina mopitirira muyeso

Tsopano ndibwerere ku mtsutso wathu uja. Pa 29 Disembala 1972 usiku, ndege yatsopano ya kampani ya Eastern inkafuna kutera ku Miami komweko. Kababu kosonyeza kuti teyala lakutsogolo latsika bwino sikanayake. Anayatsa autopilot kuti isunge msinkhu, ndipo onse m'chipinda choyendetsera anatanganidwa ndi kababu kaja. Chiwongolero chinakhudzidwa pang'ono, makina analeka kusunga msinkhu, ndege n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono mumdima popanda woona. Inagwera m'dambo ndipo anthu 101 anafa. Teyala lija linali bwinobwino, kababu ndiko kanali katapsa. Kuchokera pa ngozi ngati imeneyi panakhazikika lamulo lakuti pakagwa vuto, mmodzi aziyendetsa ndege basi, ena ndiwo azikonza vutolo. Anaphunzitsanso achinyamata kuti akaona cholakwika azilankhula ngakhale pamaso pa kaputeni, paja mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

Ife a dziko lino tili ndi chilonda chathu. Pa 19 Okutobala 1986 usiku, ndege ya Tupolev 134 imene inanyamula Pulezidenti Samora Machel kuchokera ku Mbala ku Zambia inakhotera kumanja isanafike ku Maputo, n'kukagunda phiri ku Mbuzini ku South Africa. Anafa anthu 35. Bungwe lofufuza la ku South Africa linaloza chala oyendetsa, pamene akatswiri a ku Soviet Union anati panali chizindikiro cha wailesi chabodza chimene chinasocheretsa ndege, ndipo mpaka lero mbali ziwirizi sizinagwirizane. Ine sindinabwere kudzaweruza mlandu umenewu. Ndingotengapo chimodzi: ndege inakhota potsata zimene chida chake cha wailesi chinkaonetsa. Chida sichifunsa ngati chimene chalandira ndi choona. Wofunsa ndi munthu, poyerekeza chida ichi ndi chinzake, nthawi ndi mtunda.

Ndege za makono nazo sizinathetse nkhaniyi. Pa 1 Juni 2009 ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris inakumana ndi mitambo pakati pa nyanja ya Atlantic. Timapaipi topima liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana, autopilot inazima yokha n'kubweza ndege m'manja mwa anthu. Ndege inali yabwinobwino, koma oyendetsa anasokonezeka, mutu unadzutsidwa mpaka mapiko analeka kunyamula. Anthu onse 228 anathera m'nyanja. Kuchokera pamenepo mabungwe oyang'anira za ndege akhala akulimbikitsa kuti oyendetsa aziyendetsako ndi manja kawirikawiri kuti luso lisazilale.

Koma luso la manja nalo lili ndi malire. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya DC-4 ya Wenela inanyamuka ku Francistown ndi anthu obwerera kwawo ku Malawi kuchokera ku migodi. Mafuta amene inamwa anali atasakanizika ndi mafuta a ndege za jeti. Mainjini anayamba kufooka itangonyamuka, ndipo inagwa n'kuyaka isanathe kubwerera pa bwalo. Mwa anthu 84, anafa 78. Zitatero Dr Banda analetsa Wenela kulemba anthu ntchito m'Malawi. Ngozi imeneyi inakonzedwa pansi, ndege isanalize n'komwe injini. Inu amene mumagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu n'kuthira mu injini osamusefa, osaona ngati muli madzi, ganizirani za Francistown.

Tibwere nazo kunyanja kwathu

Abale ndi alongo, ambiri a ife mwina sitidzakwerapo ndege. Koma tonse timakwera boti, kupita ku Metangula, ku Cobué, ku Likoma, kuchipatala, kumaliro, kumsika. Ndipo maboti athu akusintha ngati m'mene ndege zinasinthira. Kale kunali nkhafi ndi thanga, kenaka kunabwera injini, lero anyamata ena ali ndi foni zoonetsa pamene ali panyanja. Zimenezi ndi zabwino, tizilandire ndi manja awiri. Koma injini imazima, foni imatha moto. Pa nthawi imeneyo chotsala ndi chimene chili m'mutu ndi m'manja mwa wogwira tsigiro: kudziwa kusiyanitsa mwera, mpoto ndi vuma zisanafike, kudziwa mapiri a kumtunda usiku, kudziwa pamene pali miyala ndi pothawira.

Tsono ndili ndi mapempho atatu. Kwa eni maboti: katundu ndi anthu zikhale ndi muyeso, zilinganizidwe boti lisanachoke pa dooko, ndipo nkhafi ndi chokapira madzi zisasowe ngakhale injini ikhale yatsopano. Kwa akuluakulu odziwa nyanja, a siginala ndi ena: musapite nazo kumanda nzeruzi, tengani anyamata muwapatse tsigiro kukakhala bata, kuti tsiku la mwera lisadzakhale tsiku lawo loyamba. Kwa ife okwera, makamaka amayi amene mumayenda ndi ana kumsana: mukaona boti ladzaza mopitirira, nenani, ndipo ngati sakumva tsikani. Kuchedwa tsiku limodzi sikunaphepo munthu.

Ndikupemphanso a komiti kuti nkhaniyi tiitumize ku wailesi yathu ku Metangula, kuti akonze pulogalamu imene akuluakulu a m'madooko osiyanasiyana afotokoze m'mene amadziwira kuti mphepo ikubwera. Makalabu anzathu akambirane funso ili n'kutumiza mayankho awo: kodi pa dooko lanu, ndani ali ndi mphamvu yoletsa boti kunyamuka likadzaza kapena nyanja ikaipa, ndipo anthu amamumvera?

Amene munkati ndege imadziyendetsa yokha, munanena zoona pang'ono. Amene munkakana, inunso munanena zoona pang'ono. Makina amayendetsadi, koma m'ndege zakale zija ulendo wosatayitsa tiyi unkachokera kwa munthu amene walinganiza ndege yake, wawerenga masamu ake, ndipo maso ake sanachoke pa ntchito.

A pampando, mawu anga athera pamenepa. Ngati pali mafunso ndiyankha amene ndingathe, ndipo a nyanja muli panowa muwonjezere pamene ndaperewera.